Botolo la Magazi Likapanda Kumera Kanthu: Mabakiteriya Osowa Amene Amadya Mavavu a Mtima

Mtima uli ndi zitseko zinayi zimene achipatala amazitcha mavavu. Kumanzere kuli ya mitral ndi ya aortic, kumanja kuli ya tricuspid ndi ya pulmonary. Ndi timinofu topyapyala, koma timatseguka ndi kutsekeka maulendo pafupifupi 100,000 pa tsiku kuti magazi azilowera kumodzi osabwerera. Mabakiteriya akamanga mudzi pa timinofu timeneti, matenda ake amatchedwa infective endocarditis. Sagwira anthu ambiri, chifukwa kumene amawerenga bwino amapeza odwala 3 mpaka 10 pa anthu 100,000 alionse pa chaka, koma akagwira sanyengerera. Pamene dokotala William Osler ankawafotokoza kwa madokotala ku London mu 1885, penicillin kunalibe, ndipo pafupifupi aliyense wowadwala ankafa. Lero mankhwala alipo, opaleshoni ilipo, komabe wodwala mmodzi mwa 5 kapena 6 alionse amamwalira asanatuluke m'chipatala.

Odwala 8 kapena 9 mwa 10 alionse amakhala atagwidwa ndi magulu atatu odziwika bwino: staphylococcus, streptococcus ndi enterococcus. Amenewa savuta kuwapeza. Nkhani ino ndi ya otsalawo, mabakiteriya amene dokotala angakumane nawo kamodzi kapena kawiri pa moyo wake wonse wa ntchito. Ambiri mwa iwo si aukali kuposa anzawo. Choopsa chawo n'chakuti njira yathu yoyezera magazi siwaona, ndiye amakhala miyezi akudya vavu pamene wodwala akumwa mankhwala a matenda ena.

Chifukwa chake vavu ndi malo abwino obisalamo

Vavu yabwinobwino ndi yoterera, tizilombo timangodutsapo. Zimasintha ikakhala ndi chipsera cha matenda a rheumatic fever a paubwana, chilema chobadwa nacho, kuuma kwa ukalamba, kapena ikakhala yochita kuikidwa pa opaleshoni. Magazi amawomba pamalopo mwamphamvu n'kusupula kakhungu kamkati. Thupi limamata pachilondapo ndi timaselo toundanitsa magazi pamodzi ndi ulusi wotchedwa fibrin. Bakiteriya amene amangodutsa m'magazi, mwina walowera pankhama zotupa munthu akutafuna kapena kutsuka mano, amakodwa pamenepo, thupi n'kumufunditsanso ulusi wina pamwamba. Chimene chimamera ndi kanthu kofewa kooneka ngati njerewere, kamene madokotala amakatcha vegetation.

Mu galamu imodzi ya njerewere yotere mukhoza kukhala mabakiteriya oposa 1 biliyoni. Vavu ilibe mitsempha yokwanira yoti n'kubweretsa asilikali a m'thupi, ndipo tizilombo ta mkatikati timakhala ngati tagona, sitiswana, pomwe mankhwala a mtundu wa penicillin amapha bwino tizilombo timene tikuswana. N'chifukwa chake mapiritsi a masiku 5 kapena 7 amangoziziritsa thupi osachiza. Pa mabakiteriya wamba pamafunika jakisoni wa mumtsempha wa masabata 4 mpaka 6. Pa ena mwa osowawa tiona kuti nthawi imafika chaka ndi theka.

Kutenga magazi: pamene zambiri zimalakwikira

Njira yaikulu yogwirira kachilombo ndi blood culture, kutanthauza kuthira magazi a wodwala m'botolo la msuzi wodyetsa mabakiteriya n'kuliika m'makina ofunda ngati thupi la munthu. Amatenga maulendo atatu, pamitsempha yosiyana, motalikirana mphindi 30. Ulendo uliwonse amadzaza mabotolo awiri, lina la tizilombo tofuna mpweya, lina la todana nawo, ndipo kwa munthu wamkulu botolo lililonse limafuna mamililita 8 mpaka 10. Kuchuluka kwa magaziku n'kofunika kuposa china chilichonse, pakuti mu mililita imodzi mungakhale tizilombo tochepa kwambiri, ndipo botolo lothiridwa mamililita 2 ndi mwayi wotayidwa. Khungu lipukutidwe ndi chlorhexidine wa mu sipiriti, lisiyidwe liume masekondi 30, chala chisabwererenso pamtsemphapo. Magazi asatengedwe pa kanyula wakale wa diripi, chifukwa mmenemo mumakhala kale tizilombo ta pakhungu. Palibenso chifukwa chodikirira kuti thupi litenthe kaye, poti vavu yodwala imatayira mabakiteriya m'magazi usana ndi usiku.

Zonsezi zichitike wodwala asanalandire maantibayotiki. Apa ndiye pagona nkhani. Chimene chimachititsa kwambiri kuti mabotolo asamere kanthu si kachilombo kachilendo ayi, ndi mapiritsi amene munthu anamwa sabata yatha atapatsidwa ndi wina wofuna kumuthandiza. Mapiritsiwo sanaphe tizilombo ta m'njerewere, angotifooketsa moti sitingamere m'botolo. Wodwala akakhala kuti wadwala pang'onopang'ono kwa masabata ndipo mtima ukugwirabe bwino, dokotala wodziwa amaimitsa mankhwala masiku angapo n'kutenganso magazi. Akakhala kuti wafooka kwambiri, magazi atengedwe mwachangu mkati mwa ola limodzi, mankhwala ayambike pomwepo.

Kumalo ena wodwala mmodzi mwa 10 amatsala wopanda yankho, kwina amafika 3 mwa 10. Tikachotsapo amene anasokonezedwa ndi mapiritsi, amene agwidwa ndi mafangayi, ndiponso amene njerewere zawo zilibe kachilombo n'komwe, monga zimachitikira pa khansa ndi pa matenda a lupus, amene thupi limadziukira lokha, otsalawo ali ndi mabakiteriya amitundu iwiri: omera monyinyirika, ndi osamera n'komwe.

Omera monyinyirika

Gulu lodziwika kwambiri ndi la HACEK, dzina lopangidwa ndi zilembo zoyamba za Haemophilus, Aggregatibacter, Cardiobacterium, Eikenella ndi Kingella. Onsewa amakhala m'kamwa ndi kukhosi kwa anthu athanzi, ndipo amayambitsa matendawa mwa odwala 1 mpaka 3 pa 100 alionse. Kale labotale inkasunga mabotolo masabata awiri kapena atatu powadikirira. Makina a masiku ano amawagwira mkati mwa masiku 5, choncho HACEK sayeneranso kukhala chifukwa chodikirira nthawi yaitali. Amayenda pang'onopang'ono, makamaka Cardiobacterium hominis amene amatha miyezi asanadziwike, ndipo ena mwa iwo amamanga njerewere zazikulu zosachedwa kunyotsoka. Kingella kingae amakonda ana aang'ono. Eikenella amapezeka pa bala lolumidwa ndi munthu komanso kwa obaya mankhwala osokoneza bongo amene amanyambita singano. Mankhwala ake ndi ceftriaxone, magalamu 2 pa tsiku, masabata 4 pa vavu yobadwa nayo ndi 6 pa yoikidwa. Ampicillin payekha sakudalirikanso mpaka labotale itatsimikiza, chifukwa ena mwa mabakiteriyawa amatulutsa mankhwala omuphwanya. Akadziwika, odwala ambiri amachira bwino.

Abiotrophia ndi Granulicatella ali ndi khalidwe lina. M'botolo amamera, makina n'kulira, wa mulabotale n'kuwaona bwinobwino pa maikulosikopu atandandalika ngati mikanda. Koma akawasamutsira pa mbale wamba yomeretsera mabakiteriya, mawa lake mbale ili mbee. Chimene akusowa ndi vitamini B6 kapena cysteine, zimene sangathe kudzipangira okha. Wodziwa ntchito amatenga mbale ina, n'kupakapo madzi a m'botolo lija, kenako n'kujambula mzere umodzi wa Staphylococcus aureus pakati. Tsiku lotsatira m'mphepete mwa mzerewo mumakhala timadontho ting'onoting'ono ngati mame, kutali ndi mzere kulibe kanthu: akudya zimene mnzawoyo akutaya. Khalidwe limeneli linafotokozedwa koyamba ndi Frenkel ndi Hirsch mu 1961. Matenda awo amakonda kubwereranso, n'chifukwa chake amapatsidwa masabata 6 athunthu a penicillin, ceftriaxone kapena vancomycin, nthawi zambiri pamodzi ndi gentamicin m'masabata oyambirira.

Awiri ena amaphonyedwa chifukwa chonyozedwa. Cutibacterium acnes, amene mpaka 2016 ankatchedwa Propionibacterium acnes, ndi yemwe uja wa ziphuphu zakumaso. Amatenga sabata kapena awiri kuti amere, ndipo akamera amangoti ndi litsiro la pakhungu. Kwa munthu amene ali ndi vavu yoikidwa, kumera kwake m'mabotolo awiri osiyana si litsiro, ndipo labotale iuzidwe kusunga mabotolo masiku 14. Erysipelothrix rhusiopathiae amachokera ku nkhumba ndi nsomba, amalowera pachala chobayidwa ndi fupa kapena munga wa nsomba, nthawi zina n'kusiya chigamba chofiirira chonyerenyesa. Amatha kuwononga ngakhale vavu ya aortic imene inalibe vuto. Msampha wake ndi uwu: vancomycin, amene madokotala amathamangira akaona bakiteriya wa mtundu umenewu asanamudziwe dzina, samukhudza n'komwe, pamene penicillin wamba amamupha mosavuta. Kungodziwa kuti wodwala ndi wopha nkhumba kapena msodzi kumasintha mankhwala tsiku lomwelo.

Coxiella: kachilombo kobwera ndi mphepo

Mu 1935 ogwira ntchito kophera nyama ku Brisbane, m'dziko la Australia, anayamba kudwala matenda otentha thupi osadziwika. Edward Derrick atawafufuza n'kulephera kupeza gwero lake, anawatcha Q fever mu 1937, chilembo Q chikuimira funso losayankhidwa. Kachilombo kake kanadzatchedwa Coxiella burnetii polemekeza Herald Cox ndi Macfarlane Burnet amene anathandiza kukazindikira.

Kamakhala mu mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe, nthawi zambiri nyamayo osaoneka kudwala, kupatula kutaya bere. Mu galamu imodzi ya nsengwa ya nyama yodwala mungakhale tizilombo 1 biliyoni, pamene tosakwana 10 n'tokwanira kudwalitsa munthu. Zotsalira za pobereka zikauma, tizilombo timakhalabe ndi moyo m'fumbi kwa miyezi, mphepo n'kutinyamula makilomita angapo. Munthu safunika kukhudza mbuzi kuti adwale. Zimenezi zinaonekera poyera ku Netherlands pakati pa 2007 ndi 2010, pamene anthu oposa 4,000 anapezeka ndi Q fever, ambiri a iwo ongokhala moyandikana ndi mafamu a mbuzi zamkaka, ndipo boma linapha mbuzi ndi nkhosa zoposa 50,000 kuti mliriwo uthe.

Oposa theka la otenga kachilomboka sadwala n'komwe. Ena amamva ngati chimfine chachikulu, chibayo kapena kutupa chiwindi, ndipo doxycycline wa masiku 14 amawakwanira. Osakwana 5 pa 100 alionse ndi amene kachilombo kamawatsalira, makamaka a mavavu opunduka kapena oikidwa, a mitsempha yochita kulumikiza, amayi oyembekezera ndi ofooka chitetezo. Pakapita miyezi kapena zaka, munthu amayamba kutopa, kuonda, kutuluka thukuta usiku, kutentha thupi kosadziwika bwino, kapamba n'kutupa. Njerewere za Coxiella zimakhala zazing'ono ndi zosalala, moti kawirikawiri sizioneka pa sikani.

M'botolo sikamera chifukwa kamakhala mkati mwa maselo a munthu. Selo loteteza thupi likameza bakiteriya, limamutsekera m'kathumba ka asidi kuti asungunuke. Coxiella amasangalala m'kathumba kameneka, asidiyo ndi amene amamudzutsa kuti ayambe kuswana. Choncho timamufufuza poyeza ma antibody amene thupi lapanga polimbana naye. Pali amitundu iwiri. A phase II amakwera pa matenda atsopano, a phase I amakwera matenda akakhazikika. Antibody wotchedwa IgG wa phase I akamaonekabe magazi atasungunulidwa ka 800 kapena kuposa, chimene amalemba kuti 1:800, ndi umboni waukulu pa mndandanda wa Duke umene madokotala amatsata potsimikiza endocarditis. Mndandandawu unatuluka mu 1994, unakonzedwa mu 2000, n'kukonzedwanso mu 2023.

Kathumba ka asidi komweko ndi kamene kamavutitsa mankhwala. Doxycycline mu asidi amangoletsa kachilombo kuswana, sakapha. Ofufuza a ku Marseille, m'dziko la France, anasonyeza mu 1999 kuti kuwonjezera hydroxychloroquine, amene amachepetsa asidi m'kathumbamo, kumafupikitsa nthawi ya mankhwala ndi kuchepetsa kubwereranso kwa matenda. Muyezo wake kwa wamkulu ndi doxycycline mamiligalamu 100 kawiri pa tsiku ndi hydroxychloroquine mamiligalamu 200 katatu pa tsiku, kwa miyezi yosachepera 18 pa vavu yobadwa nayo ndi 24 pa yoikidwa. Ndi ulendo wautali, ndipo chimene chimagwetsa ambiri ndi tizinthu tooneka tating'ono. Khungu limapsa ndi dzuwa mosavuta, choncho chipewa ndi malaya a mikono yaitali n'zofunika tsiku lililonse. Doxycycline amezedwe ndi madzi odzaza kapu, munthu asagone kwa mphindi 30, apo ayi piritsi limamatirira kum'mero n'kuchita chilonda. Mkaka, mapiritsi owonjezera magazi ndi mankhwala a chilungulira amamanga doxycycline m'mimba, ndiye azitalikirana naye maola awiri kapena atatu. Hydroxychloroquine angawononge maso mwakachetechete, choncho maso ayezedwe poyamba ndi mobwerezabwereza. Mayi woyembekezera salandira doxycycline wa nthawi yaitali chotere, amapatsidwa cotrimoxazole pa nthawi imene ali woyembekezera.

Bartonella: nsabwe, amphaka ndi impso

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali ochuluka zedi okhala m'maenje ankadwala matenda otentha thupi obwerera masiku asanu alionse, ndi ululu wa m'miyendo. Kachilombo kake ndi Bartonella quintana, konyamulidwa ndi nsabwe za m'zovala. Sikalowa ndi kuluma kwenikweniko. Kamakhala m'ndowe za nsabwe, munthu akamakanda n'kumazitikitira yekha pabala. Lero kamapezeka kwa anthu osowa pokhala, okhala mothithikana ndiponso osowa madzi ochapira, ndipo kamagwira ngakhale vavu imene inali yabwino. Mbale wake Bartonella henselae amakhala mu amphaka, makamaka ana amphaka a utitiri, ndipo amalowa pokandidwa. Ameneyu amakonda vavu yowonongeka kale. Zakuti Bartonella amadya mavavu zinadziwika mu 1993.

Odwala ambiri amafika kuchipatala ndi befu ndi miyendo yotupa, vavu ya aortic itatha kale, ndipo ambiri amafunika opaleshoni. Koma choopsa kwambiri, mmene tikuonera, ndi zimene zimachitika ku impso. Thupi likalimbana ndi kachilombo kwa miyezi, zinyalala za nkhondoyo zimakodwa m'timasefa ta impso. Mkodzo umakhala ndi magazi, impso zimafooka, ndipo nthawi zambiri kuyeza kotchedwa ANCA kumasonyeza ngati thupi likudziukira lokha. Dokotala amene sanamvetsere mtima angaganize kuti ndi matenda otupitsa mitsempha, n'kupereka ma steroid ndi mankhwala ena ogwetsa chitetezo. Kutero n'kutsegulira kachilombo khomo. Aliyense amene impso zake zatupa motere ndipo mtima wake ukumveka phokoso lachilendo ayezedwe Bartonella mankhwala ogwetsa chitetezo asanayambike.

Apanso muyezo ndi IgG wa 1:800 kapena kuposa. Kungoti ma antibody a Bartonella amatha kusokonezeka ndi a Coxiella komanso a bakiteriya wina wotchedwa Chlamydia, choncho ziyezedwe pamodzi n'kuyerekeza, ndipo PCR, njira yofufuza chibadwa cha kachilombo, ndi imene imadula mlandu. Mankhwala ndi doxycycline kwa masabata 4 mpaka 6 kapena kupitirira, pamodzi ndi gentamicin wa mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku kwa masabata awiri. Gentamicin amawononga impso ndi makutu, ndiye impso ziziyezedwa kawiri kapena katatu pa sabata, wodwala azifunsidwa ngati akumva chizungulire kapena kulira m'makutu. Impso zikakhala zadwala kale, ambiri amaika rifampicin m'malo mwake. Ndipo zovala ndi zofunda zichapidwe m'madzi otentha madigiri 60, chifukwa kubwezera munthu ku nsabwe zomwezo n'kumubwezera ku matenda.

Palinso mabakiteriya ena awiri ovuta kuwagwira. Brucella amalowa ndi mkaka wosawiritsa, tchizi cha mkaka wotere, kapena pothandiza nyama kubereka. David Bruce anamupeza pachilumba cha Malta mu 1887, ndipo mu 1905 Themistocles Zammit anasonyeza kuti gwero lake ndi mkaka wa mbuzi. Mwa odwala brucellosis, 2 pa 100 alionse kapena ocheperapo ndi amene amagwidwa vavu, koma imfa zambiri za matendawa zimachokera pamenepo. Pamafunika mankhwala atatu, doxycycline, rifampicin ndi cotrimoxazole kapena jakisoni wa gentamicin, kwa miyezi 3 mpaka 6 kapena kuposa, kawirikawiri pamodzi ndi opaleshoni. Dokotala akamukayikira auziretu labotale, chifukwa Brucella amadwalitsa ogwira ntchito amene atsegula mbale poyera.

Tropheryma whipplei ndi wodekha kuposa onse. George Whipple anafotokoza matenda ake mu 1907, koma kachilomboko kanadziwika bwino mu 1992 ndipo kanameretsedwa koyamba mu 2000. Wodwala wake nthawi zambiri ndi bambo wa zaka za m'ma 50 kapena 60 amene wavutika ndi ululu woyendayenda m'mfundo kwa zaka, akulandira mankhwala a nyamakazi, thupi osatentha, m'mimba osatsegula. Kawirikawiri amadziwika vavu itachotsedwa kale. Ena amamuchiza ndi ceftriaxone kenako cotrimoxazole kwa chaka kapena kuposa, ena ndi doxycycline ndi hydroxychloroquine kwa miyezi 18.

Kachilombo kochokera m'chipinda cha opaleshoni

Pa opaleshoni yotsegula mtima pamakhala makina okhala ndi thanki ya madzi amene amatenthetsa ndi kuziziritsa magazi a wodwala. Madziwo sakhudzana ndi magazi, choncho kwa zaka palibe ankawaganizira. Madokotala a ku Zurich, m'dziko la Switzerland, analengeza mu 2013 za odwala amene anapezeka ndi Mycobacterium chimaera, wachibale wa kachilombo ka chifuwa chachikulu, pa mavavu oikidwa. Mu 2015 anasonyeza njira yake: kachilombo kamaswana m'thanki, fani ya makinawo n'kumauluzira timadontho tosaoneka mumpweya, tina n'kugwera pachifuwa chotsegula. Kafukufuku wa chibadwa cha tizilomboto analoza ku fakitale ina ya ku Germany kumene makinawo ankapangidwa, ndipo odwala oposa 100 anapezeka m'mayiko osiyanasiyana. Zizindikiro zimayamba patapita miyezi kapena zaka: kutopa, kuonda, kuchepa kwa magazi, chiwindi ndi impso kufooka. Ambiri anayamba auzidwa kuti ali ndi sarcoidosis, matenda otupitsa ziwalo za m'thupi, n'kupatsidwa ma steroid. Kachilomboka kamafuna mabotolo ake apadera ndipo kamatenga masabata 2 mpaka 8 kuti kamere. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kumathandiza pokhapokha wina atakumbukira kupempha botolo loyenera. Pafupifupi theka la odwala oyambirira anamwalira.

Kufunsa, kujambula, kudula

Pa zonsezi chida choposa makina ndi mafunso. Mumagwira ntchito yanji? Pafupi ndi kwanu pali khola? Mwathandizapo nyama kubereka? Mkaka mumawiritsa? Muli ndi mphaka? Mwagonapo panja kapena pamalo a nsabwe? Khoswe anakulumanipo? Funso lomalizali lili ndi chifukwa chake: Streptobacillus moniliformis wa m'kamwa mwa makoswe amalepheretsedwa kumera ndi mankhwala oletsa magazi kuundana amene ali m'mabotolo ambiri. Pambuyo pa mafunso, thupi liyang'anidwe lonse: timizere takuda pansi pa zikhadabo ngati zisonga, timatuza topweteka kunsonga za zala, timadontho tofiira tosapweteka m'manja ndi kumapazi, nsonga za zala zofufuma, kapamba wotupa. Zizindikirozi zimafanana ndi za chifuwa chachikulu ndi khansa, n'chifukwa chake ambiri amatha miyezi pa mankhwala a TB befu akungokulirakulira. Mabotolo akatha maola 48 ali chete ndipo chikayikiro chilipo, magazi a Coxiella, Bartonella ndi Brucella atumizidwe nthawi yomweyo osadikira tsiku lachisanu.

Sikani ya mtima yodzera pachifuwa imaona njerewere pafupifupi 7 mwa 10 pa mavavu obadwa nawo, koma theka lokha pa oikidwa. Yodzera kum'mero, imene wodwala amameza kachubu atasala kudya maola 6, imaona zoposa 9 mwa 10 chifukwa m'mero wagundana ndi msana wa mtima. Ikapanda kuonetsa kanthu ibwerezedwe pakatha masiku 5 mpaka 7. Pa mavavu oikidwa palinso PET/CT, imene imaonetsa pamene maselo olimbana ndi matenda akudya shuga kwambiri. Kuti ithandize, wodwala apewe zakudya za sitachi ndi shuga tsiku lathunthu n'kusala maola 12 kapena kuposa, apo ayi mnofu wonse wa mtima umawala n'kubisa malo odwala. ECG, imene imaonetsa kayendedwe ka magetsi a mtima, nayo ijambulidwe kawirikawiri. Mpata wotchedwa PR pa ECG ukayamba kutalika, ndiye kuti mafinya akukumba patsinde la vavu ya aortic kuyandikira njira ya magetsi a mtima.

Pafupifupi theka la odwala onse amafika pa opaleshoni, ndipo zifukwa zake ndi zitatu. Choyamba, vavu yabooka kapena yang'ambika, magazi akubwerera, madzi akudzaza m'mapapo. Chachiwiri, matenda akukana: pali chithupsa patsinde la vavu, kapena mabotolo akumerabe patatha sabata ya mankhwala oyenera. Chachitatu, njerewere yafika mamilimita 10 kapena kuposa, makamaka ngati kachidutswa kanyotsokapo kale n'kukatseka mtsempha mu ubongo, mu impso, m'kapamba kapena m'mwendo. Ngozi ya sitiroko ndi yaikulu mankhwala asanayambe ndi m'masabata awiri oyambirira, kenako imatsika kwambiri. Kuyambitsa aspirin kapena mankhwala osungunula magazi pofuna kuipewa sikuthandiza, kumangowonjezera ngozi yotaya magazi mu ubongo.

Vavu yochotsedwayo ndi umboni wamtengo wapatali kuposa wina uliwonse, ndipo imawonongeka m'kamphindi. Mwachizolowezi chilichonse chodulidwa pa opaleshoni chimaponyedwa mu formalin, mankhwala osungira minofu kuti isaole. Formalin amapha tizilombo ndi kuduladula chibadwa chawo, moti kumeretsa sikuthekanso ndipo PCR imafooka. Vavu igawidwe pomwepo patebulo ndi zida zoyera. Chidutswa china chilowe m'kabotolo kouma kapena ka madzi amchere oyera kupita kokameretsa, china chisungidwe chozizira kuti chikayezedwe ndi PCR ya 16S imene imagwira chibadwa cha bakiteriya aliyense ngakhale wakufa, chotsalacho ndiye chipite mu formalin kukaonedwa pa maikulosikopu. Pa vavu PCR imapeza Bartonella, Coxiella ndi Tropheryma bwino kwambiri kuposa m'magazi. Chenjezo n'lakuti chibadwa cha bakiteriya chimatsalira pavavu miyezi iye atafa, ndiye kuchipeza sikutanthauza nthawi zonse kuti mankhwala alephera.

Wodwala akatuluka

Amene wadwalapo endocarditis ali pangozi yodwalanso moyo wake wonse. Iye, pamodzi ndi a mavavu oikidwa ndi a zilema zina za mtima zobadwa nazo, amalandira amoxicillin magalamu 2, mphindi 30 mpaka 60 asanazulidwe dzino kapena kukonzedwa nkhama, ndipo mwana amalandira mamiligalamu 50 pa kilogalamu. Mano aziyezedwa kawiri pa chaka. Zimenezi zimateteza ku tizilombo ta m'kamwa basi, sizifika kwa Coxiella, Bartonella kapena Brucella. Kwa amenewa chitetezo ndi kuwiritsa mkaka, kuthana ndi utitiri wa amphaka, kutsuka bala la mphaka ndi sopo pomwepo, ndi kusiyira ena ntchito yobereketsa ziweto ndi yosesa khola. Katemera wa Q fever wa anthu alipo ku Australia kuyambira 1989, ndipo amaperekedwa munthu atayezedwa kaye khungu ndi magazi, chifukwa amene anakumanapo kale ndi kachilomboka amatupa kwambiri pobayapo.

Wa Q fever sasiya mankhwala pongoona kuti miyezi 18 yakwana. Dokotala amafuna aone IgG wa phase I atatsika kanayi ndipo antibody wina wotchedwa IgM wa phase II atazimiririka, kenako magazi amayezedwabe kwa zaka zosachepera 5. Ndipo aliyense wa odwalawa ayenera kuyenda ndi kakhadi kofotokoza za vavu yake. Thupi likatentha popanda chifukwa chodziwika, apite kuchipatala asanamwe piritsi lililonse la maantibayotiki, aonetse kakhadiko, apemphe kuti magazi atengedwe maulendo atatu, mabotolo 6, mamililita 8 mpaka 10 m'botolo lililonse.